Katundu Akasiya Kufika: Zimene Zimaimitsa Mabizinesi Ang'onoang'ono ku Mchinji ndi ku Kasungu

Botolo la chiponde limene likugulitsidwa m'golosale ya pa Kamwendo limaoneka ngati katundu wa konkuno, popeza mtedza wake unalimidwa ku Mkanda kapena ku Kapiri, ndipo amene anaukazinga ndi kuupera ndi munthu wa m'boma lomwelino la Mchinji. Koma tikalondola chilichonse chimene chinafunika kuti botololo lifike pa shelefu, tipeza kuti mtedza wokha ndiwo wa pafupi. Botolo ndi chivindikiro chake zinaumbidwa ku Lilongwe kapena ku Blantyre ndi pulasitiki yoitanitsidwa kunja, imene inatsikira pa doko la Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban. Makina operera anachokera ku China kapena ku India, ndipo zitsulo zake zikaperepeseka, zatsopano zimachokeranso komweko. Magetsi oyendetsera makinawo amapangidwa makamaka pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kutali kwambiri ndi Mchinji, ndipo lole imene inakatenga mtedza kumidzi inayendera dizilo wogulidwa ndi madola. Chimodzi mwa zinthu zimenezi chikasowa, chiponde sichituluka, ngakhale mtedza utadzaza nyumba.

Kulimba kwa bizinesi pa nkhani ya kapezedwe ka katundu kumaoneka poyankha mafunso awiri: chinthu china chikasiya kufika lero, ntchito ipitirira kwa masiku angati, ndipo padutsa masiku angati kuti chinthucho chipezekenso? Kampani yaikulu ili ndi antchito amene ntchito yawo ndi kuwerengera zimenezi, ili ndi nyumba zosungiramo katundu wa miyezi ingapo, ndiponso mabanki amaimvera ikapempha ndalama zakunja. Mwini chigayo pa Waliranji, woyenga mafuta a mpendadzuwa pa Mchinji boma, kapena wogulitsa zipangizo zomangira pa Kasungu alibe zonsezi, ndipo mpamba wake wonse umakhala m'katundu amene akumuona ndi maso. N'chifukwa chake malangizo amene amamveka kawirikawiri, akuti wamalonda azisunga katundu wambiri ndiponso azikhala ndi omugulitsa ambiri, sathandiza kwenikweni akangoperekedwa osawapima. Munthu wa mpamba wochepa sangatchinge mbali zonse, ndiye ayenera kusankha, ndipo kuti asankhe bwino ayenera kudziwa kaye pamene pagona vuto lenileni.

Tiyambe ndi ndalama zakunja, chifukwa ndizo zili pansi pa mavuto ambiri amene pamwamba amaoneka ngati osiyana. Wamalonda wa ku Mchinji amene amawoda katundu m'mashopu atatu opikulitsa ku Lilongwe akhoza kuganiza kuti ndi wotetezeka, popeza wina akasowa katundu apita kwa wina. Koma ngati onse atatuwo amaitanitsa katundu kunja, ndipo onse amadikira madola kumabanki omwewo, ndiye kuti ali ngati zitsime zitatu zokumbidwa m'dambo limodzi, zimene chilimwe chikakula zimaphwera pamodzi. Dziko la Malawi limagula kunja katundu wa ndalama zambiri kuposa amene limagulitsa, ndipo gawo lalikulu la madola limachokera ku mbewu imodzi, fodya, amene amagulitsidwa kwa miyezi yochepa pa chaka m'misika ya Kanengo, Limbe, Mzuzu ndi Chinkhoma ku Kasungu. Madola akachepa, mafuta agalimoto, feteleza, mankhwala, pulasitiki ndi zitsulo zamakina zimasowa nthawi imodzi, ndipo kuchuluka kwa mayina a ogulitsa m'foni ya wamalonda sikusintha kanthu.

Kugwa kwa kwacha kumapweteka m'njira ina imene amalonda ambiri amaizindikira mochedwa. Mu Meyi 2022 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsanso ndi 44 peresenti, moti dola imodzi inachoka pa mtengo wa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi wokha. Tiyerekeze kuti wamalonda anawoda katoni ya katundu wakunja pa K100,000 mwezi wa Okutobala chaka chimenecho, n'kuigulitsa yonse pa K120,000. M'kabuku kake analemba phindu la K20,000, koma atabwerera kokawoda anapeza katoni yomweyo ikugulitsidwa pa mtengo wa pafupifupi K144,000, kutanthauza kuti ndalama zonse zimene anali nazo, mpamba ndi phindu lomwe, sizinakwanenso kugula katoni imodzi. Mtengo wogulitsira uyenera kuwerengedwa kuchokera pa ndalama zimene zidzafunike pokawodanso mawa, osati pa zimene zinalipidwa dzulo. Kunena n'kosavuta, koma makasitomala a pa Kamwendo kapena pa Santhe ndi alimi amene ndalama zawo sizikwera tsiku limene kwacha yagwa, ndiye wamalonda amene wakweza mitengo mwamsanga amanenedwa kuti ndi wadyera, pamene amene wachedwa kukweza amadya mpamba wake osadziwa.

Mafuta agalimoto ali ndi vuto lachiwiri pamwamba pa la madola, lomwe ndi njira. Popeza Malawi alibe doko, petulo ndi dizilo zimabwera pa misewu yaitali yochokera ku Dar es Salaam ndi ku Beira, ndipo zina zimadzera ku Nacala. Chilichonse chochitika m'maiko amenewa chimamveka pa filing'i siteshoni ya pa Mchinji boma patangopita masiku ochepa. Namondwe wa Idai anawononga mzinda wa Beira mu Malichi 2019. Zipolowe zimene zinabuka ku Mozambique pambuyo pa chisankho cha mu Okutobala 2024 zinasokoneza kayendedwe ka mathiraki panthawi imene mizere ya magalimoto odikira mafuta inali kale yaitali kuno. Mu Epulo 2025, Malawi ataletsa kulowa kwa katundu wina wakunja, dziko la Tanzania linabwezera potsekera zokolola zochokera kuno, ndipo ngakhale kusamvanaku kunatha patangopita masiku ochepa, amene anali ndi katundu wowola pa boda ya Songwe anataya ndalama zawo. Palibe chimodzi mwa zochitika zimenezi chimene wamalonda wa ku Mchinji akanachiletsa.

Magetsi nawonso anaonetsa chimodzimodzi. Namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo panadutsa chaka ndi miyezi ingapo asanabwerere onse. Mvula imene inachititsa zimenezi inagwa kummwera, koma owotcherera zitsulo, ometa ndi eni zigayo a kuno kuchigawo chapakati ndi amene ankakhala tsiku lonse makina ali zii, ena n'kumagwira ntchito pakati pa usiku magetsi akayaka. Amene anathamangira kugula jenereta anapeza kuti angosinthanitsa vuto, chifukwa kumapeto kwa chaka chomwecho dizilo nayenso anasowa.

Njira yothandiza, imene siifuna ndalama koma cholembera ndi kope, ndiyo kulemba chilichonse chimene bizinesi imafuna kuti igwire ntchito, ngakhale tinthu tating'onoting'ono, ndipo pambali pa chilichonse kulemba manambala awiri aja: masiku amene ntchito ingapitirire chinthucho chitasowa, ndi masiku amene angadutse kuti chipezekenso zinthu zitavuta. Pamene nambala yachiwiri ikuposa yoyamba, pamenepo ndi pamene bizinesi idzaimire. Zotsatira zake zimadabwitsa anthu ambiri. Wopanga chiponde amaika maganizo ake onse pa mtedza, chifukwa ndiwo umadya ndalama zambiri, chonsecho mtedza akhoza kuupeza pa msika uliwonse wapafupi, ngakhale pa mtengo wokwera. Chimene chingamuimitse kwa mwezi wathunthu ndi zivindikiro za mabotolo, mapepala omata osonyeza dzina ndi tsiku lothera mphamvu, kapena kachitsulo kamodzi ka m'makina kamene kamapezeka m'shopu imodzi yokha ku Lilongwe. Kwa mwini chigayo ndi lamba, sefa, nyundo za m'kati ndi mabeyaring'i. Tinthu timeneti n'totsika mtengo poyerekeza ndi phindu limene limatayika makina akaima, sitiwola, sititenga malo, ndipo mtengo wake umakwera kwacha ikagwa. N'tinthu toyenera kusunga mopitirira muyezo.

Katundu wolemera ndi wodula ndi nkhani ina, chifukwa kusunga katundu kuli ndi mtengo wake. M'chaka cha 2024 chiwongola dzanja chimene Reserve Bank imabwereketsera mabanki chinafika pa 26 peresenti, ndipo wabizinesi wamng'ono amene banki inamuvomera ngongole ankalipira zoposa pamenepo. Amene banki yamukana amapita ku banki m'khonde kapena kwa akatapila, kumene chiwongola dzanja chimawerengedwa pa mwezi. Ndi zoona kuti mitengo ya zinthu ikamakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pa chaka, monga zinalili nthawi imeneyo, munthu amene wasunga katundu amaposa amene wasunga ndalama pansi pa mphasa, koma zimenezi zimagwira ntchito ngati ndalamazo zili zake. Kudzaza nyumba ndi katundu wogulidwa ndi katapila poopa kusowa kwa mawa ndi kudziitanira vuto lotsimikizika pofuna kuthawa vuto longoganizira. Pa za mafuta agalimoto, kusunga zigubu m'nyumba kwawotchetsa anthu ndi katundu, ndiponso malamulo amene bungwe loona za mafuta ndi magetsi la MERA limayang'anira saloleza kusunga ndi kugulitsa mafuta popanda chilolezo.

Wogulitsa wachiwiri amakhala wothandiza ngati katundu wake amadzera njira yosiyanadi ndi ya woyamba, ndipo pa nkhani imeneyi Mchinji ali ndi mwayi umene maboma ambiri alibe. Kuchokera pa boma kukafika ku Chipata ndi pafupi kwambiri kusiyana ndi makilomita pafupifupi 110 a msewu wa M12 wopita ku Lilongwe, ndipo katundu wa ku Chipata amachokera ku mafakitale a ku Zambia, amene mavuto awo a madola sayendera limodzi ndi athu. Wogulitsa simenti amene amadziwa kowoda ya ku Zambia komanso ya Shayona yopangidwa ku Kasungu ali ndi njira ziwiri zenizeni. Kuyambira mu Disembala 2022 boda ya Mwami, ya pakati pa Mchinji ndi Chipata, inakhala ya malo amodzi, kumene akuluakulu a maiko onse awiri amaonera katundu pamodzi, ndipo ndondomeko yothandiza amalonda ang'onoang'ono ya COMESA, bungwe la zamalonda la maiko a kum'mawa ndi kummwera kwa Africa, imalola katundu wosapitirira madola 2,000, amene ali pa mndandanda umene maiko awiriwa anagwirizana, kudutsa ndi zikalata zosavuta komanso popanda msonkho wolowetsera katundu. Misonkho ina ya m'dziko, monga VAT, imalipidwabe, ndipo kusadziwa mfundo imeneyi kwachititsa ena kukhumudwa n'kubwerera kunjira zozembera, kumene katundu akagwidwa ndi a bungwe lotolera misonkho la MRA amapita yense. Njanji yolumikiza Mchinji ndi Chipata, imene inatsegulidwa mu 2010, ikanathandiza pa katundu wolemera, koma mpaka pano wamalonda wamng'ono sanaonepo phindu lake lenileni.

Tisaiwale kuti Zambia ndi Malawi amagwa mvula imodzi. Chilala cha El Niño cha nyengo ya 2023 mpaka 2024 chinachititsa Pulezidenti Hakainde Hichilema kulengeza za ngozi m'dziko lake kumapeto kwa Febuluwale 2024, ndipo mwezi wotsatira Lazarus Chakwera, amene anali Pulezidenti wa Malawi panthawiyo, analengeza chimodzimodzi m'maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino. Chakudya chikachepa, maiko onse awiri amakhwimitsa malamulo otulutsira chimanga ndi mbewu zina, ndiye amene ankadalira Chipata pa nkhani ya chimanga kapena soya anapeza khomo lotseka panthawi imene ankalifuna kwambiri. Boda imateteza ku vuto la madola, koma siteteza ku vuto la mvula.

Tikabwera ku mbewu, zimene ndizo maziko a mabizinesi ambiri a ku Mchinji ndi ku Kasungu, vuto lalikulu ndi lakuti zokolola zimabwera kamodzi pa chaka. Woyenga mafuta kapena wopanga chakudya cha nkhuku ayenera kugula pakati pa Epulo ndi Julayi zipangizo zimene adzagwiritse ntchito mpaka chaka chamawa, ndipo miyezi yomweyo mavenda amakhala atapachika masikelo pamphambano iliyonse, ena akugulira makampani aakulu a ku Lilongwe, ena akugulira amalonda ochokera kunja kwa dziko. Unduna wa zamalimidwe umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu chaka chilichonse, koma kumudzi mtengo umagamulidwa ndi amene wafika ndi ndalama m'manja, makamaka kuyambira pamene ADMARC, imene kale inkafika pafupifupi dera lililonse, inafooka mpaka kutsekedwa kwa kanthawi mu 2022. Wabizinesi amene anabwereketsa alimi mbewu mu Novembala pa mgwirizano woti adzamugulitse zokolola amadandaula kuti alimiwo agulitsa kwa ena. Kudandaulako n'komveka, koma tiyeneranso kuona mbali ya mlimi, amene mwana wake wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, pamene wogwirizana naye uja akunena kuti ndalama zibwera pakatha milungu itatu.

Zimene zimamugwira mlimi n'zodziwika, ndipo mapepala osainirana si chimodzi mwa izo. Mlimi amabwerera kwa wogula amene sikelo yake siiba, amene amalipira tsiku lomwelo, amene amanena poyera chifukwa chimene wakanira thumba lina, ndiponso amene amabweranso chaka chimene mbewu zachuluka ndipo mitengo yatsika. Wogula amene amafinya alimi chaka cha zokolola zambiri amadzapeza kuti chaka cha njala palibe womusungira ngakhale ndowa imodzi. Ndi nzerunso kugula m'madera otalikirana, mwachitsanzo gawo lina ku Mkanda, lina ku Santhe, lina ku Chamama, chifukwa ng'amba ya milungu iwiri mu Febuluwale kapena matenda a chiwawu pa soya sizigwira madera onse mofanana.

Pa mtedza pali mdani wina amene saoneka pa sikelo, ndiye chuku, chimene chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Nkhaniyi ndi yofunika kuikhalira pansi, chifukwa ikusonyeza bwino mmene cholakwika chochitika pakhomo pa mlimi chimatsekera msika umene uli kutsidya kwa nyanja. Chuku chimayambira m'munda mtedza ukakumana ndi ng'amba kumapeto kwa nyengo, kapena makoko ake akaboolodwa ndi chiswe ndi khasu pokumba, ndipo chimafalikira mtedza ukaunjikidwa usanaume kapena ukayanikidwa pa dothi. Koma nthawi yoopsa kwambiri ndi yoswa. Makoko ouma amapweteka zala, ndiye anthu ambiri amawaza madzi pa mtedza madzulo kuti makoko afewe, m'mawa n'kuswa mosavuta, ndipo ena amachita dala podziwa kuti mtedza wonyowa umalemera pa sikelo. Mtedza wotero ukalowa m'thumba la pulasitiki n'kuikidwa pa simenti m'chipinda chotentha, pakangopita milungu yochepa umakhala utagwidwa, ngakhale kunja kwake ukuoneka wofiira bwino. Kukazinga sikuchotsa poizoniyu. Iye amawononga chiwindi, ndipo amagwirizana ndi kupinimbira kwa ana.

Maiko a mu European Union salola mtedza wodyedwa mwachindunji umene uli ndi aflatoxin woposa magawo 4 pa biliyoni, ndipo malamulo otere ndi ena mwa zifukwa zimene Malawi, amene m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 ankatumiza mtedza wambiri ku Ulaya, anatayira msika umenewo. Alimi a bungwe la MASFA ku Mchinji, limene lili pansi pa NASFAM, bungwe la alimi ang'onoang'ono la dziko lonse, anasonyeza m'zaka za m'ma 2000 kuti n'zotheka kubwererako pamene anayamba kugulitsa mtedza ku Britain kudzera mu ndondomeko ya malonda achilungamo yotchedwa Fairtrade, ndipo chimene chinawathandiza ndi kusamala pa sitepe iliyonse. Wopanga chiponde wamng'ono akhoza kutengerapo zambiri popanda kugula makina odula. Akhoza kugula mtedza wosaswa n'kumaswa yekha, popeza khoko limateteza ndipo palibe amene angauwaze madzi iye osaona. Akhoza kulimbikitsa alimi ake kuumitsa mtedza mokwanira asanauunjike, ndiponso kusauyanika pa dothi. Akhoza kugula kachipangizo koyezera chinyezi n'kumakana mtedza woswa umene chinyezi chake chapitirira pafupifupi 7 peresenti, kusanja matumba pa mathabwa kutali ndi khoma, ndiponso kulemba pa thumba lililonse dzina la kalabu ya alimi ndi tsiku logula, kuti a Malawi Bureau of Standards akapeza vuto pa zimene ayeza, adziwe kumene lachokera m'malo motaya katundu yense.

Pali funso limodzi pano limene amalonda sakonda kulimva. Mtedza wonyala, wosweka ndi wakuda umene amayi osankha auchotsa pa lichero ndiwo umakhala ndi poizoni wambiri, ndipo kawirikawiri umagulitsidwa motchipa pa msika, n'kukasinjidwa kukhala nsinjiro zothira m'phala la ana a m'mudzi womwewo. Bizinesi imene imatumiza mtedza woyera ku Lilongwe n'kusiya wachuku kwa anansi ake yangosamutsa vuto, ndipo ine sindiona chifukwa choitchulira kuti ndi yosamala.

Kasungidwe ka mbewu zina kali ndi njira zimene zayesedwa kale. Matumba a PICS, amene ali ndi mapepala awiri apulasitiki m'kati, amapha anankafumbwe powamana mpweya popanda kuthira mankhwala, malinga chimanga chikhale chouma bwino ndipo thumba lisabooke. Palinso ndondomeko ya malisiti a nyumba zosungiramo mbewu, imene bungwe loyendetsa msika wa mbewu la ACE lakhala likuyendetsa ndipo inakhazikitsidwa m'malamulo mu 2018, yolola munthu kusungitsa mbewu zoyezedwa bwino n'kugwiritsa ntchito lisitilo ngati chikole kubanki. Imathandiza chaka chimene mitengo yakwera mokwanira kubweza lendi ndi chiwongola dzanja, ndipo imaluzitsa chaka chimene boma latseka mwadzidzidzi kutumiza mbewu kunja mitengo n'kugwa.

Nkhani yosamalira chilengedwe ambiri amaiona ngati ya mabungwe ndi misonkhano ya m'mahotela, koma kwa wabizinesi ndi funso lomwe lija la masiku, longowerengedwa m'zaka. Wophika buledi, wowotcha njerwa kapena wokazinga mtedza pa nkhuni ku Kasungu akudziwa kuti ngolo ya nkhuni ikuchokera kutali chaka ndi chaka, chifukwa mitengo yachilengedwe yambiri inathera m'mabalani a fodya wa fuluu, m'zigafa ndi m'mauvuni a makala. Mtunda ukatalika mtengo umakwera, ndipo kuyambira pamene lamulo la zankhalango linakhwimitsidwa mu 2020, amene wapezeka ndi makala opanda chilolezo akhoza kulandidwa galimoto ndi kupatsidwa chilango chachikulu. Chonsecho pakhomo pa woswa mtedza pamakhala mulu wa makoko umene umangotenthedwa kuti uchoke, pamene makoko omwewo, zitsononkho ndi utuchi zikhoza kuyaka m'uvuni wokonzedwa bwino kapena kuumbidwa kukhala tinjerwa toyatsira moto. Woyenga mafuta amene amagulitsa keke ya mpendadzuwa kapena ya soya kwa oweta nkhuku ndi ng'ombe zamkaka amakhala ndi ndalama yachiwiri imene imamugwiriziza mafuta akatsika mtengo.

Nthaka ili chimodzimodzi. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu Febuluwale 2022, mtengo wa feteleza, umene unali utakwera kale, unafika poti alimi ambiri anathira wochepa kapena sanathire n'komwe, ndipo wogula mbewu anaona zotsatira zake pa kuchepa kwa matumba. Wabizinesi amene amagula mtedza, soya kapena nandolo ali pamalo abwino olimbikitsa kasinthasintha wa mbewu, popeza mbewu za m'gulu la nyemba zimabwezera chonde m'nthaka, ndipo mlimi amene munda wake ukubereka osadalira kwambiri thumba logulidwa ndi madola ndiye adzakhale ndi zogulitsa zaka zikubwerazi.

Malamulo ndi zofuna za ogula nazo zimasintha, ndipo zimapweteka amene sanakonzeke. Boma linaletsa mapepala apulasitiki opyapyala osafika mamayikuloni 60 (muyezo wa kukhuthala kwake) mu 2015, khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, ndipo ngakhale milandu inapitirira kwa zaka zina, amene anazolowera kulongedza katundu m'majumbo opyapyala ankangochedwetsa tsiku losintha. Chitsanzo chachikulu ndi cha fodya. Mu Novembala 2019 dziko la America linalamula kuti fodya wochokera ku Malawi azigwidwa pa madoko ake chifukwa cha nkhani zogwiritsa ntchito ana ndi kukakamiza anthu ntchito, ndipo makampani amene anachotsedwa pa chiletsocho pambuyo pake ndi amene anatha kuonetsa umboni wa kumene fodya wawo amachokera ndi mmene amalimidwira. Mu 2021 lamulo la zantchito linathetsa dongosolo la matenanti. Mafunso amene anayambira pa fodya akufika pa mbewu zina, ndipo sitolo yaikulu ya mumzinda kapena wogula wakunja akadzafunsa kuti mtedza uwu unalimidwa ndi yani, amene ali ndi kope la mayina a makalabu ndi masiku ogulira adzayankha, pamene amene ankangogula pa msewu adzasowa chonena.

Za mphamvu ya dzuwa ndiyenera kunena mosamala, chifukwa zimatamandidwa mopitirira. Sola imagwira bwino ntchito pa magetsi owunikira, firiji, makina ometera, kutchaja mafoni ndi pampu yothirira, ndipo pa ntchito zimenezi imabweza ndalama zake. Chigayo kapena makina oyengera mafuta amafuna mphamvu yaikulu poyambitsa, moti zipangizo zokwanira kuwayendetsa zimadula kuposa mpamba wa mabizinesi ambiri, ndipo mabatire ake, amene amatha pakapita zaka zingapo, amagulidwanso ndi madola omwe aja.

Zina zimene munthu mmodzi sangathe zimatheka anthu akaphatikizana. Amalonda asanu a pa Kapiri amene aliyense amakwera minibasi kukawoda ku Lilongwe amalipira maulendo asanu ndipo amagula pa mtengo wa wogula pang'ono, pamene atabwereka lole imodzi yopita ndi soya n'kubwera ndi katundu wa m'golosale, dizilo yemweyo akanagwira ntchito kawiri. Magulu otere amasweka kawirikawiri pa nkhani ya ndalama, ndiye amene akhalitsa ndi amene amalemba zonse, amasunga ndalama ku SACCO kapena kubanki m'malo mwa m'thumba la wapampando, ndiponso amagwirizana pasadakhale za chimene chidzachitike wina akalephera kupereka gawo lake. Pa zolipirana, kukhala ndi Airtel Money ndi TNM Mpamba yomwe kumathandiza tsiku limene netiweki imodzi yagwa lole ili pakhomo kudikira.

Chovuta kwambiri kuchikonza ndi kalendala. Madola amapezekako bwino m'miyezi imene msika wa fodya uli wotsegula, kuyambira cha mu Epulo mpaka cha mu Ogasiti, ndipo amasowa kwambiri kuyambira cha mu Okutobala, pamene dziko likuitanitsa feteleza ndipo fodya watha. Choncho nthawi yabwino yogulira mabotolo, zivindikiro, malamba ndi mabeyaring'i a chaka chonse ndi miyezi ya masika ndi yachisanu, koma imeneyi ndi miyezi yomweyo imene tambala iliyonse ikufunika kugulira mtedza mtengo usanakwere. Wopanga chiponde amene waika mpamba wonse mu mtedza adzafika mu Disembala ali ndi matumba koma wopanda choikamo, ndipo amene wagula mabotolo ochuluka adzagula mtedza wa mu Januwale pa mtengo wowawa. Kagawidwe kake kamadalira manambala awiri aja a m'kope, ndipo popeza mtedza wodula umapezekabe pamene chivindikiro chosowa sichipezeka pa mtengo uliwonse, ndalama za tinthu takunja ziyenera kupatulidwa poyamba mu Meyi, zotsalazo n'kupita ku sikelo.